Balaza la ku Joni pa Biriwiri

Mukadzadutsa pa Biriwiri mudzafunse nyumba ya makatani aatali. Aliyense adzakulozerani, ngakhale amayi ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu. Anthu amabwera kwathu ati kudzapempha mchere, koma ine ndimadziwa kuti akufuna kusuzumira pabalaza, ndipo ndimawalowetsa. Ndiwakanize chifukwa chiyani? Balaza limenelo ndinalivutikira ndekha, ndiponso linatsala pang'ono kumuphera mwana wanga ukwati. Khalani pansi ndikuuzeni, koma nsapato muvule pakhomopo.

Ku Joni ndinapita ine, osati bambo akunyumba, ndipo anthu anayankhula mpaka milomo kuuma. Kwathu kuno opita kunja ndi amuna, kuyambira agogo athu aja ankatsika m'migodi n'kubwerako ndi njinga ndi chifuwa. Koma amuna anga aGama ngolo ya kabichi inawagwera pamtsetse n'kuwathyola mwendo, mpaka lero amayenda chotsimphina. Chaka chimenecho kabichi anaolera pamsewu, ogula kunalibe. Ndinawauza kuti, "Inu tsalani ndi dimba ndi mwana. Wa miyendo iwiri pakhomo pano ndine, ndipita ndine." Anangoti, "Mukayende bwino." AGama ndi choncho, mawu awo amachita kuwagula.

Mwanayo ndi Tamanda, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa. Nthawi imeneyo anali asanayambe sukulu. Tsiku lonyamuka anandiperekeza kumsewu alibe nsapato, timapazi tili mbuu ndi fumbi, atagwira chitenje changa osafuna kuchisiya. Ndinagwada n'kunyamula kaphazi kake, kanakwana ndendende m'dzanja langa, chidendene pachikhatho, zala zake kuthera pamene zathera zanga. Ndinati, "Usalire, ndikakugulira nsapato zofiira." Anasiya chitenjecho. Wolira ndinakhala ine, moti kondakitala wa minibasi anandifunsa ngati ndikupita kumaliro.

Za ulendo sindinena zambiri. Kutentha kwa ku Tete, mizere ya pamalire, miyendo kutupa m'basi, zonsezo aliyense wopitako amazidziwa. Ndinafikira kwa Esnati, mayi wa ku Balaka, mchemwali wake wa mnzanga wakumpingo. Ankakhala mu mkuku, kanyumba ka malata pamwamba ndi m'mbali momwe. Ine wa ku Biriwiri ndinkadzitama kuti chisanu ndimachidziwa. Ndinanama! Kumeneko malata ankachita thukuta n'kumadonthera pabulangete, madzi a m'ndowa kuuma pamwamba. Tinkagona bedi limodzi, wina mutu uku wina mutu uko, ndipo Esnati ankaliza mkonono ngati chigayo cha dizilo. Ndikadandaula ankati, "Iwe, umenewu ndiwo alonda athu, akuba amayesa muli mwamuna."

Esnati ndiye anandiphunzitsa kukhala chete m'takisi, chifukwa lilime ndi limene limakugulitsa kuti ndiwe wobwera. Nthawi ina anyamata a kumeneko anayamba kuthamangitsa alendo, kuphwanya zitseko ndi kutenga katundu. Tinathawira m'holo ya tchalitchi china, tinagona pasimenti pamodzi ndi a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique. Ine ndinkangoona nkhope ya Tamanda. Esnati anayambitsa nyimbo ya kwaya, a ku Mozambique ena anali a kutsidya kwa msewu wa kwathu komweku, anaidziwa n'kuilandira. Zitazizira tinabwerera, tinapeza atatenga ketulo ndi wailesi, koma bedi anasiya.

Poyamba ndinkagwira maganyu ochapa ndi kusita. Mwayi unabwera pamene mayi wina wachizungu, amene ndinkangomutchula kuti Madamu, anaona mmene ndinkapindira mashiti n'kunditenga. Ntchito ya Madamu inali yodabwitsa, abale. Munthu akafuna kugulitsa nyumba, ankamuitana kuti adzaiveke kaye, monga timachitira ndi mkwatibwi, kuti ogula akalowa mitima iwadumphe. Ine ndinkanyamula, kupukuta, kupenta ndi kukwera makwerero.

Tsiku loyamba anandipatsa makatani kuti ndipachike. Ndinachita zakwathu, kuyeza pamwamba penipeni pa windo. Madamu anaseka, analanda makwerero, anakweza ndodo ya makataniyo mpaka pafupi ndi siling'i, n'kuitulutsa mbali zonse kupyola windolo, nsalu n'kutsika mpaka kukhudza pansi. Anandikoka dzanja kuti tibwerere m'mbuyo tione. Mayo ine! Kachipinda komwe kaja, kawindo komwe kaja, koma denga linaoneka ngati lakwera, windo ngati lakula. Ndinaomba m'manja ndekha ngati mwana. Kuyambira tsiku limenelo ntchito ija inandilowa m'magazi.

Ndinaphunzira zambiri, ndipo zambiri mwa izo sizinali zodula. Galasi lalikulu uliike moyang'anana ndi windo, chipinda chimawala kawiri. Makoma onse penti imodzi yofewa, osati uku buluu uku girini. Babu loyera lija limachititsa nyumba kuoneka ngati chipatala, uike lofiirira, anthu amaoneka onenepa ndi okondwa. Zogwirira zitseko zikachita dzimbiri uzisinthe, mawaya uwabise, pakona uike chomera chamoyo. Koma lamulo lalikulu la Madamu linali liwu limodzi: chotsa. Tikalowa m'nyumba ankangoloza ndi chala, chotsa, chotsa, chotsa, ine pambuyo ndi matumba akuda apulasitiki. Zithunzi, tizidole, timbale tapakhoma, zonse m'thumba. Ankati wosauka amaonetsa katundu, wolemera amaonetsa malo. Mawu amenewo ndinawameza osatafuna.

Ndinayesera pa mkuku wathu womwe. Ndinapempha penti yotsala, ndinapaka malata m'kati, ndinapachika shiti loyera kuchokera kudenga, mapoto onse ndinabisa pansi pa bedi. Esnati pobwera kuntchito anaima pakhomo n'kubwerera panja kukaonetsetsa ngati sanasochere. Kenaka anafuula, "Iwe mwana wa aNgoni, ufuna utiphetse? Anthu aziyesa tili ndi ndalama!" Koma Lamulungu lotsatira anaitana amayi onse a mumzere wathu kudzamwa tiyi, iye atakhala pabedi mwendo pamwamba pa unzake.

Kumudzi sindinasiye kutumiza. Malata, simenti, matailosi, zonse zinachokera m'manja awa, aGama n'kumayang'anira amisiri. Ndipo transipota aliyense wopita ku Malawi ndinkamupatsira katoni: mbale zamaluwa, tiyipoti, wotchi yapakhoma, ndi nsapato za Tamanda. Nsapato sizinkalephera. Zofiira zija ndinagula ndi malipiro oyamba enieni. Poyeza ndinkaika nsapato padzanja langa, monga ndinagwirira kaphazi kaja pamsewu, ndipo chaka chilichonse ndinkaonjezerako pang'ono, poti mwana amakula. Katoni ikafika ndinkaimba foni.

"Zamukwana?"

"Zamukwana bwinobwino," ankatero aGama. "Wavina nazo."

Tamanda atakula ankayankha yekha. "Zikomo amayi, n'zokongola kwambiri."

Mufunsa kuti bwanji sindinkabwera kudzaona. Mapepala anga anatha mphamvu kalekale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka sadzandilolanso kulowa. Ndiye ndinkati nyumba ithe kaye. Itatha ndinati Tamanda amalize kaye sekondale. Chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka imvi zinayamba kundimera ndili komweko. Zinkandiwawa, sindibisa. Masiku ena ndinkapukuta galasi la eni ake misozi ili chuchuchu.

Kenaka aGama anaimba kuti kwabwera anthu kudzafunsira mbeta. Mnyamata wa ku Kasinje, dzina lake Limbani, wa banja lolima mpunga, anthu opemphera. Ndinalumpha mu mkuku muja mpaka mutu kugunda denga! Koma chimwemwe chisanazizire, mnzanga wakumpingo uja anandinong'oneza zina pafoni. Ati azakhali ake a mnyamatayo akukayika. Ati anena kuti, "Mtsikanayo ndi waulemu, koma ndi mwana wa mtchona. Woleredwa ndi mwamuna adziwa chiyani za pakhomo?" Ndipo kubanja limenelo azakhaliwo akati ayi, ndiye kuti ayi.

Mtchona! Ine! Mtchona ndi munthu amene anapita kunja n'kuiwala kwawo, osatumiza ngakhale moni. Magazi anandiwira. Ndinauza Esnati kuti ndikupita, ndipo mayi ameneyo ndikamuonetsa pakhomo pamene sanapaonepo chibadwire, akalowa pabalaza panga adzagwada yekha. Madamu anandipatsa makatani otsala ku nyumba ina ndi galasi lalitali ngati chitseko. Ndinagula ndodo za makatani, mababu, ndi nsapato zagolide zoti Tamanda adzavale pa chinkhoswe. Pokwera basi ndinakangana ndi onyamula katundu mpaka galasi lija linayenda m'kati, litakulungidwa m'mabulangete, ine nditalikumbatira. Esnati anandiponyera mabanzi pawindo akulira, akuti, "Ukandisungire mpando, ndikubwera!"

Nditatsika pa Biriwiri, mphepo ya kwathu inandimenya kumaso, fungo la anyezi ndi utsi wa chimanga chootcha, ndinangoseka ndekha. AGama anali atachita imvi mutu wonse. Pambali pawo panaima mtsikana wamtali kundiposa. Anagwada n'kunena kuti, "Takulandirani amayi. Mwayenda bwanji?" Ulemu wake unali wonse, koma unali ulemu umene timapatsa alendo a kumpingo. Ndinamukumbatira, iye anaima chowuma pang'ono, manja osadziwa powaika.

Nyumba kunja inali yokongola, aGama anagwira ntchito. Koma nditalowa pabalaza ndinagwira kukamwa. Matailosi anga aja osaoneka! Sofa zothinana zophimbidwa ndi madoilo, makalendala a zaka zakale pakhoma, maluwa apulasitiki ofwifwa, njinga, mpope wopopera tomato, ndipo pakona matumba a chimanga mpaka kudenga. Khoma lonse la kum'mawa linatsekedwa ndi chikabati chagalasi chakuda, chodzaza ndi zinthu ngati golosale. M'mutu mwanga ndinamva mawu a Madamu.

M'mawa mwake ndinamanga duku n'kuyamba. Chotsa, chotsa, chotsa! Chimanga chinapita kuchipinda chakumbuyo, njinga kukhitchini, makalendala pamoto. Nditatsegula kabati ija ndinapeza kuti zonse zinali zanga zomwe, zija ndinkatumiza. Ndipo pashelefu yapakati panali nsapato, zitandandalikidwa kuyambira tofiira tija mpaka za chaka chatha. Ndinatembenuza imodzi. Kunsi kwake kunali koyera, yosapondapo pansi. Ina chimodzimodzi. Zonse.

"AGama!" ndinakuwa. "Ine kuzizidwa ku Joni kuti mwana avale, inu kumaziika m'galasi ngati zogulitsa? Umbombo wanji umenewu? Mwana wanga ankayenda bwanji?"

"Amake Tamanda," anatero, "mwafika dzulo. Pumani kaye."

Anatenga khasu n'kulowera kudimba. Tamanda anatuluka. Anabwera ndi katoni, analongedza nsapato zija yekha, imodziimodzi, n'kupita nazo kuchipinda cha chimanga. Kabati tinaikankhira komweko. Ine mtima unali pa ntchito, sindinafunsenso.

Koma ntchitoyo inakoma, abale! Ndinavala ovolosi ya aGama n'kukwera makwerero, amuna a m'mudzi ataima kumpanda kuonerera mkazi akupenta. Makoma onse ndinapaka mtundu wa mkaka. Makatani ndinawakweza mpaka kusiling'i. Galasi ndinaliimika moyang'anana ndi windo, moti mapiri a kutsidya ku Mozambique analowa m'nyumba. Ndinasiya sofa imodzi yokha, nditaiveka nsalu yatsopano, ndi katebulo. Pakati ndinayala mphasa yatsopano, pakona mtsuko waukulu wokhala ndi chomera. Nditayatsa babu lofiirira lija madzulo ndinavina ndekha pamatailosi. Madamu akanaona akanandikweza pantchito.

Azakhali aja anabwera Loweruka ndi mayi wina, ati kudzakambirana za tsiku la chinkhoswe. Azakhaliwo anali mayi wamkulu thupi, wa maso oyenda. Ndinawalowetsa ndikumwetulira mpaka m'makutu. Anaima pakati pa balaza n'kuzungulira pang'onopang'ono. Anayang'ana makoma opanda kanthu, anayang'ana pakona, anakhala kunsonga kwenikweni kwa sofa.

"Kunotu chaka chino mvula inavuta?" anafunsa.

"Ayi, tinakolola bwino ndithu."

"Oho." Anayang'ananso pakona. "Nanga mtsukowo, madzi akumwa mumasungira pabalaza?"

Ndinaseka n'kuwafotokozera kuti ndi wokongoletsa. Anati oho kachiwiri. Mnzawo uja anakhala pamphasa poti panalibe mpando wina. Tiyi anamwa mwakachetechete, za tsiku sanatchule, ndipo potsanzika anandigwira dzanja ndi manja awiri nthawi yaitali. Mumtima ndinati, wagwa nayo, mawu amuthera! Ndinauza aGama kuti nkhani yatha, tayambani kunenepetsa mbuzi. Iwo anangokanda kumutu.

Patapita masiku ochepa, masana dzuwa lili pamutu, panafika bambo wa njinga yamoto. Kumbuyo anamangirira thumba la mpunga ndi mipando yapulasitiki. Anaima pabwalo, ndipo poti anali ndi chipewa chija chotseka makutu, uthenga anaunena mofuula, amayi onse obwera kumjigo akumva.

"Zachokera ku Kasinje! Akuti musachite manyazi, za ku Joni zimatero, ena amabwera ndi chikwama chokha! Akuti mpungawu ana adyeko, mipandoyi alendo azikhalira! Akuti za chinkhoswe zidikire kaye mpaka mukhazikike!"

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Ine, wopatsidwa chithandizo! Mayi uja anaona balaza lopanda matumba n'kuti kuno kuli njala. Anaona makoma oyera n'kuti katundu tinagulitsa. Ndipo mawu akuti zidikire kaye tonse timawadziwa tanthauzo lake, ukwati umathera pamenepo. Ndinayamba kumanga chitenje kuti ndikwere njinga yomweyo ndikawaphunzitse anthu osayenda aja. AGama anandigwira mkono, analipira wanjingayo ndi kabichi, n'kumuuza kuti akathokoze.

Ndinalowa m'nyumba ndikutukutira. Tamanda anali atakhala pasofa ija, maso ali pansi. Ndinati, "Usadandaule mwana wanga, afune asafune chinkhoswe chichitika, ndipo udzawala mpaka adzatseka maso. Taona zimene ndakugulira." Ndinatulutsa nsapato zagolide zija m'chikwama. Anazilandira ndi manja awiri, anaika pansi, analowetsa phazi. Zala zinalowa, chidendene chonse chinatsala kunja.

"Kankha," ndinatero.

"Sizilowa, amayi."

"Zilowa, n'zatsopano chabe. Ndinaonjezera kuposa za chaka chatha."

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka kusekako kunasanduka kulira. "Amayi, palibe ngakhale imodzi imene inandikwanapo. Ngakhale zofiira zija. Pamene zinkafika n'kuti phazi litakula kale."

Ndinakhala pansi pamatailosi. Ndinayang'ana dzanja langa. Zaka zonsezo ndinkagulira kamwana kamene ndinakasiya pamsewu, kumangoonjezera pang'onopang'ono, pamene mwana weniweni ankakula ndi kachewere wa pa Biriwiri. Pafoni munthu amakuonetsa nkhope, phazi sakuonetsa.

"Nanga bwanji osandiuza?" ndinafunsa aGama, amene anali ataima pakhomo.

"Mukanatani? Mukanalira kutaliko muli nokha." Analowa n'kukhala pa umodzi wa mipando yapulasitiki ija. Tsiku limenelo anayankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamva chikwatiranireni. "Nsapato zoti azivala ndinkamugulira pakaunjika, sanayende pansi. Zanuzo ndinati tipatse ana a achimwene, mwanayu anagubuduka pansi, ati n'za amayi anga. Ndiye ndinagulitsa nkhumba n'kugula kabati ija. Anzake kusukulu akamunena kuti amako anatchona, ankabwera nawo kuno kudzawaonetsa pagalasi. Inenso akulu akandinena kubawo, ndinkawaitanira tiyi pabalaza pano. Sindinkatsutsana nawo. Ankaona okha, n'kutuluka ali chete. Mtchona satumiza nsapato."

Anapuma pang'ono n'kuonjezera kuti, "Mayi a ku Kasinje aja kanali koyamba kulowa m'nyumba muno. Mboni yanu munali mutaitsekera kuchimanga."

Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chisa chomwe. Ndinalira, Tamanda analira, ndipo nthawi imeneyi ndi iye amene anayamba kundikumbatira, manja ake anadziwa powaika. Koma ine sindine munthu wolira mpaka dzuwa kulowa. Ndinapukuta maso n'kunena kuti, "Dzukani nonse, tikatulutse kabati."

Musaganize kuti ndinabwezera zonse mmene zinalili. Ayi, ku Joni sindinapite kukasewera! Kabati ija tinaipala ine ndi Tamanda, tinaipaka penti yoyera, zogwirira zadzimbiri ndinasintha. Mbale, tiyipoti ndi zina zonse zinapita kukhitchini kukagwira ntchito yake. M'kati ndinasiyamo nsapato zokha, shelefu iliyonse zingapo, motalikirana bwino, tofiira tija pamwamba, ndipo ndinabisamo kababu kofiirira. Tinaiimika pakhoma loyang'anana ndi chitseko, kuti wolowa aliyense ayambe waiona. Sofa ina inabwerera kuti alendo asakhalenso pamphasa. Kenaka aGama anatuma ankhoswe athu kukanena ku Kasinje kuti mpunga talandira, koma mipando adzatenge okha azakhali.

Anabwera, nkhope ili yokonzeka kutimvera chisoni. Chitseko cha chipinda cha chimanga ndinachisiya dala chotsegula, ndipo ndinawaona akuponyako diso n'kukweza nsidze. Kenaka anaona kabati. Anayandikira, anawerama, anayang'ana shelefu ndi shelefu.

"Nsapato zimenezi mumagulitsa?"

Ndinatsegula pakamwa, koma Tamanda anandiyambirira. Anagwada pambali pawo n'kuyamba kuloza. Izi zinabwera ndisanayambe sukulu. Izi chaka chimene ndinadwala chikuku. Izi nditasankhidwa kupita kusekondale. Anawauza zonse, ndi zoti sizinkamukwana zomwe, akuseka. Azakhali aja sanaseke. Anakhala pasofa, ulendo uno anakhala mpaka kutsamira.

"Bambo anga anapita kumigodi ine ndili kumsana," anatero. "Amayi ankapita kusitolo kukafunsa ngati kwabwera kanthu, mpaka anakalamba. Sitinalandirepo ngakhale mpango." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kutembenukira kwa ine. "Asewele, mundikhululukire pakamwa panga. Tsiku la chinkhoswe tipangane lero lomwe." Atatero anayang'ana kudenga n'kufunsa kuti, "Koma makataniwa mwatani kuti atalike chonchi? Kwathu mungadzandipachikire?"

Ndinakawapachikira ndithu, ndipo mipando yawo anaisiya, ilipo mpaka lero pakhonde. Mpunga uja tinaphika pa chinkhoswe pomwepo, unali wonunkhira, pamenepo sindingawanamizire.

M'mawa wa tsikulo pabwalo panadzaza, zokuzira mawu zikulira, amayi akulira nthungululu, atsikana oti aphimbidwe zitenje limodzi ndi Tamanda akuthamangathamanga. Iye anatuluka kuchipinda atavala diresi lake, wokongola moti ndinaiwala kupuma. M'manja ananyamula nsapato zagolide zija. Anatsegula kabati, anaziika kumapeto kwa shelefu yapansi, n'kutseka. Anaima pamatailosi alibe nsapato, akuyang'ana uku ndi uku kufuna zake zakale za kutchalitchi.

"Taima," ndinatero.

Ndinavula zanga, zakuda zachikopa zimene ndinasungira tsiku limeneli. Ndinagwada n'kunyamula phazi lake. Linasefukira m'dzanja langa mbali zonse, lolemera, lofunda, la munthu wamkulu. Ndinaliveka nsapato yanga. Inalowa yokha, osakankha, chidendene chinakhala m'malo mwake. Inayo chimodzimodzi. Tamanda anaponda pansi, anayenda mpaka pagalasi lija n'kubwerera.

"Zandikwana, amayi," anatero, ndipo ulendo uno ndinaona ndi maso anga.

Ine ndinavina wopanda nsapato tsiku lonse, pafumbi la pa Biriwiri, ndipo panalibe mlendo ngakhale mmodzi amene anafunsa kuti mayi wa mwanayu ndi uti.